Vespa yakale: penti yowala si umboni wa kanthu

Ku Italy munthu akamatsatsa Vespa ya m'ma 1960, kanjinga kamoto ka mtundu wa sikuta, wogula wodziwa amayamba wafunsa ngati njingayo ili conservata kapena restaurata. Mawu oyambawo amanena za njinga yomwe yangosungidwa momwe inatulukira kufakitale, penti yake ili yomweyo ngakhale itazilala, mabala a zaka 60 akuoneka poyera. Achiwiriwo ndi a njinga yomwe inaphwasulidwa yonse, kupalidwa mpaka pachitsulo, n'kupentedwanso. Mlendo pankhaniyi amathamangira yonyezimirayo. Koma kawirikawiri akatakwe amakanganirana yotuwayo, ndipo amalolera kuipereka ndalama zambiri kuposa inzake yooneka ngati ya mwana alirenji.

Si misala ayi. Kuti munthu amvetse, ayenera kudziwa mmene kanjingaka kanapangidwira, chifukwa mavuto onse a mwini Vespa yakale, ndi chisangalalo chake chomwe, zimachokera pa zimene munthu wina wodana ndi njinga zamoto anasankha mu 1945 ndi 1946.

Munthuyo anali Corradino D'Ascanio, injiniya wa ndege amene mtima wake unali pa helikopita. Kampani ya Piaggio, yomwe Rinaldo Piaggio anaiyambitsa mu 1884 ku Genoa, inkapanga ndege ndi mainjini ake pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo fakitale yake ya ku Pontedera, m'chigawo cha Tuscany, inaphwanyidwa ndi mabomba. Nkhondo itatha, Enrico Piaggio, mwana wa Rinaldo, ankafuna chinthu chotchipa chimene anthu osauka angayendere m'misewu yokumbika ya dziko logonja. Chitsanzo choyamba, chomwe antchito anachitcha Paperino, sichinamusangalatse, ndiye anaitana D'Ascanio. Mkuluyu ankaona kuti njinga yamoto imadetsa zovala, tcheni chake chimavuta, ndipo tayala likaphulika munthu amaona zakuda. Anakonza zonsezi ndi nzeru za ku ndege. Injini anaikhazika pambali pa tayala lakumbuyo kuti ilizungulitse yokha popanda tcheni. Tayala lakutsogolo analigwiriza mbali imodzi, monga mwendo wa ndege, kuti kulichotsa kukhale ngati kuchotsa tayala la galimoto. Magiya anawaika pa chogwirira chakumanzere. Kutsogolo anaika chishango chotchinga matope, pakati n'kusiya malo oti ngakhale wovala siketi kapena mkanjo akwere bwinobwino. Chilolezo cha umwini wa lusoli anachilembetsa ku Florence pa 23 Epulo 1946. Amati Enrico ataona chiuno chake chopyapyala ndi mbuyo yotukuka, anati chikufanana ndi mavu, ndipo liwu lakuti vespa m'Chitaliyana ndi mavu amene. Yoyambayo inali ndi injini ya 98cc. Pofika 1956, miliyoni imodzi zinali zitapangidwa.

Chosankha chachikulu koposa ndachisiyira dala kumapeto. Njinga yamoto imene tinazolowera, monga ya akabaza, ili ndi mafupa a mapaipi, ndipo tanki ndi zivundikiro zimangomangiriridwa pamwamba. Vespa ilibe mafupa otero. Thupi lake ndi malata achitsulo osindikizidwa ndi makina n'kuwotchereredwa pamodzi, ndipo malata omwewo ndiwo amanyamula wokwera, injini ndi katundu. Ili ngati nkhanu: chigoba ndicho fupa.

Ndiye dzimbiri pa Vespa si nkhani ya kukongola. Madzi amalowa mu mtsempha wapakati, mmene mumadutsa makebulo ndi mawaya, n'kukhala mmenemo osatuluka. Amabisalanso pansi pa timizere ta aluminiyamu ndi labala ta poponda mapazi, komanso m'mipiringidzo yolimbitsa pansi pa thupi. Dzimbiri limadya kuchokera m'kati, moti likamaonekera kunja ngati matuza pa penti, ndiye kuti m'kati mwatha kale. Malo owopsa kwambiri ndi pamene chishango chakutsogolo chimakhotera kukakumana ndi poponda mapazi. Pamenepo pakafooka, kapena pakakhala khwinya losonyeza kuti njinga inagundapo chinthu kutsogolo, tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo sayendanso mzere umodzi. Injini yakufa imadzuka, ndipo tiona kuti kuidzutsa n'kosavuta kwenikweni. Thupi lopindika kuliwongola kumafuna chida chapadera choyezera ndi mmisiri amene wagwirapo Vespa zambiri, osati aliyense wokhala ndi makina owotcherera.

Apa ndi pamene penti yatsopano imakhala mdani wa wogula. Penti yakale siinama: pamene pachita dzimbiri mukupaona, pamene panaphwanyika mukupaona. Penti yatsopano imatha kubisa chilichonse. Cha m'ma 2000, misika ya ku Ulaya, America ndi Australia inadzaza ndi ma Vespa a m'ma 1960 okonzedwa ku Vietnam ndi maiko ena a kumeneko, ogulitsidwa pa intaneti. Pachithunzi ankaoneka ngati maloto: mitundu iwiri ya penti, zitsulo zonyezimira paliponse, mipando yatsopano. Amakaniko atayamba kuwapala anapeza zoopsa. Njinga zina zinali zidutswa za njinga ziwiri kapena zitatu zolumikizidwa, mabowo atatsekedwa ndi fila, womata uja wa okonza malata a galimoto, wochindikala ngati phala, m'injini muli tizidutswa ta zitini m'malo mwa zitsulo zoyenera. Njinga zimenezo zinali zitagwira ntchito yakalavulagaga kwa zaka makumi, ndipo amisiri a kumeneko ankangopanga chimene msika wakunja unkafuna, chomwe chinali kuwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpaka lero magalaja ambiri a ma sikuta ku Britain ndi ku America amakana kugwira njinga zoterezi, poopa kuti thupi likadzathyoka pamsewu mlandu udzakhala wawo.

N'chifukwa chake wogula wochenjera amapita ndi maginito m'thumba. Pamene pali chitsulo chenicheni maginitowo amamata. Pamene pali fila wambiri amagwa. Wogulayo amagonanso pansi n'kusuzumira kumimba kwa njinga, kuyang'ana mizere ya kuwotcherera imene fakitale siinaike. Kenako amafunafuna nambala.

Nambala ya thupi inadindidwa pachitsulo penipeni, kawirikawiri kuseri kwa chivundikiro cha m'mbali, kumanzere kapena kumanja malinga ndi mtundu wa njinga. Imayamba ndi zilembo zonena mtunduwo: VBB1T ndi Vespa 150 ya kumayambiriro kwa m'ma 1960, VLB1T ndi Sprint, VMA2T ndi Primavera, VSX1T ndi P200E. Manambala enieniwo amakhala pakati pa nyenyezi ziwiri zing'onozing'ono. Injini ili ndi nambala yakeyake, zilembo zake zikuthera ndi M m'malo mwa T. Manambala awiriwa safanana ndendende, koma zilembo za injiniyo ziyenera kukhala zimene zimayenderana ndi mtundu wa njingayo. Munthu akakuuzani kuti iyi ndi GS, mtundu wa Vespa umene uli wamtengo kwambiri, koma zilembo zikunena zina, nkhani yathera pomwepo. Mukaonanso kuti kachigawo ka nambalako kakuoneka ngati kanadulidwa kwina n'kuwotchereredwa apa, tembenukani muzipita, ngakhale mtengo utakoma chotani. Kampani ya Piaggio imapereka chikalata chotsimikiza chaka chimene nambala inayake inapangidwa, ndipo ku Pontedera kuli nyumba yosungiramo mbiri ya kampaniyi, imene inatsegulidwa mu 2000.

Za injini nkhani yake ndi yokoma. Vespa zonse zakale zili ndi injini ya two-stroke, yopanda mavavu ndi zina zambiri zimene zimavutitsa pa injini ya galimoto. Pisitoni ndi imodzi, imaziziritsidwa ndi mphepo yochokera ku chikupizo, ndipo munthu wodekha wokhala ndi masipanala ochepa angathe kuitsitsa ndi kuitsegula pakhonde. Koma kuphweka kumeneku kuli ndi lamulo limodzi losakambirana. M'chipinda cha pisitoni mulibe oyilo wokhalamo. Oyilo amalowa limodzi ndi petulo, amanyowetsa zitsulo podutsa, n'kupsa. Ndiko kumachokera kautsi kabuluu ndi fungo lija. Mitundu yambiri kuyambira cha mu 1959 imafuna oyilo 2 pa 100 alionse, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa malita 5. Yambiri ya m'ma 1950 imafuna 5 pa 100. Ina ya pambuyo pake, monga ma PX ambiri, ili ndi katanki ka oyilo kapadera ndipo imasakaniza yokha. Pa imene ilibe katankiko, kuiwala oyilo kamodzi kokha n'kokwanira: pisitoni imatentha, imatupa, imakanirira m'silinda, tayala lakumbuyo n'kuuma njinga ikuthamanga. Okwera akale amayenda zala ziwiri zili pa kilatchi chifukwa cha zimenezi. Amadziwanso kuti potsika phiri lalitali simutseka mafuta kwa nthawi yaitali giya ili m'kati, pakuti mukatseka petulo mwatsekanso oyilo pamene injini ikuzungulirabe mwamphamvu.

Ena amaganiza kuti kuthira oyilo wochuluka ndi kuikonda injini. Ayi ndithu. Pulagi imada, ekizozi imatsekeka ndi mwaye, ndipo poti oyilo watenga malo a petulo, injini imalandira petulo wochepa kuposa mmene kabuleta anachunidwira.

Chimene chimapha injini zambiri mwakachetechete ndi timalabala tiwiri totseka mbali ziwiri za kirankishafuti. Ka mbali ya chikupizo kakauma, mpweya umalowa mwakuba, injini imayamba kulira yokha mokweza munthu asanaipatse mafuta, ndipo imatentha mpaka kukanirira. Ka mbali ya kilatchi kakatha, injini imayamwa oyilo wa m'giyabokosi n'kumafuka utsi woyera wochuluka, kapena petulo amatsikira ku magiya, moti mukatsegula bawuti ya oyilo mumamva fungo la petulo. Timalabalato mtengo wake ndi wochepa, koma kuti mukafike pa ka mbali ya kilatchi, pa mitundu yambiri muyenera kugawa injini pakati. Wanzeru akatsegula choncho amasinthiratu mabering'i ndi kachitsulo kooneka ngati mtanda kamene kamasankha magiya; kakaperepeseka m'nsonga, giya imadumpha yokha pokwera mtunda. Oyilo wa m'giyabokosi ndi wochepa zedi, pafupifupi kota ya lita ya SAE 30, moti palibe chifukwa chomuumira.

Tsono pali mdani wina amene D'Ascanio sanamuganizire: ethanol. Britain inayamba kugulitsa petulo wa E10, wokhala ndi ethanol wofika 10 pa 100, mu Seputembala 2021, ndipo eni njinga zakale kumeneko anadandaula kwambiri. Kwa ife kuno si zachilendo, chifukwa Malawi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo pambuyo pake ku Chikwawa kunabweranso fakitale ina. Zimbabwe nayo imasakaniza. Ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. Njinga ikakhala miyezi osayenda, madziwo amatsikira pansi pa tanki yachitsulo n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo tizinyalala take timakatseka timabowo ta kabuleta ya Dell'Orto, tomwe ndi tating'ono ngati diso la singano. Amaumitsanso mapaipi a labala akale ndi kudya zotsekera za pampopi wa petulo. Mankhwala ake si odula: kusintha paipi ndi malabala kuika opirira ethanol, kutseka mpopi ndi kuisiya injini ilire mpaka kabuleta iume musanaiimike kwa nthawi yaitali, ndi kusasunga petulo wakale m'tanki.

Apa pakuoneka chinthu chimene ambiri ogula Vespa ngati chokongoletsa pabalaza sachimvetsa. Njinga imeneyi imawonongeka msanga ikaima kusiyana ndi ikamayenda. Malabala amauma chifukwa chosanyowa ndi oyilo, mapuleti a kilatchi amamatana, makebulo amachita dzimbiri m'zikopa zawo, matayala amang'aluka m'mbali ali ndi mapanga awo onse. Pa tayala lililonse lopangidwa kuyambira 2000 pali manambala anayi onena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo tayala la mainchesi 8 kapena 10 limene lapitirira zaka zambiri si loti muziikapo moyo wanu, ngakhale lioneke latsopano. Limu ya Vespa ndi ya zidutswa ziwiri zomangidwa ndi manati, kuti munthu asinthe chubu pamsewu popanda zopanira. Koma madzi amalowa pamsoko wake, dzimbiri n'kumakanda chubu mpaka kuphulika. Ameneyo ndi malo amodzi pomwe ine sindiona chifukwa chokakamira chakale.

Mawu amenewa akutifikitsa pa mkangano weniweni wa anthu a ma sikuta: n'chiyani chimene munthu angasinthe njinga n'kukhalabe yomweyo? Magetsi a mavoti 6 a Vespa za m'ma 1960 amaunika ngati koloboyi, ndipo mapointi, tizitsulo toyatsa pulagi, amafuna kuchunidwa pafupipafupi. Ambiri amaika magetsi a mavoti 12 oyatsa pulagi mwamakono, ndipo poti zonsezo zimabisika kuseri kwa chikupizo, ndi ochepa amene amanyinyirika. Ena amapitirira, n'kuika silinda yaikulu ya Polini, Malossi kapena Pinasco, njinga ya 125cc n'kusanduka ya 177cc. Liwiro limabwera ndithu, koma mabuleki akadali aja a 1962. Muyezo umene ndimauona wanzeru ndi uwu: sinthani chimene mungadzachibwezeretse ndi sipanala, ndipo chakalecho muchisunge m'katoni. Kuboola thupi, kudula chishango, kupala penti ya fakitale, zimenezo sizibwerera.

Ku Italy nkhaniyi ili ndi oweruza ake. Bungwe la Automotoclub Storico Italiano, lomwe linayamba mu 1966, ndi kaundula wa njinga zakale wa Federazione Motociclistica Italiana, amayang'ana ngati njinga ikufanana ndi mmene inalili potuluka kufakitale asanailembe ngati ya mbiri. Amaona mtundu wa penti, womwe Piaggio inkagula ku kampani ya MaxMeyer ndipo uliwonse uli ndi nambala yake, amaona mpando, ngakhale zomatira. Njinga imene ikadali ndi nambala yake yapamsewu yoyamba ndi kabuku kake koyamba imakwera mtengo, pakuti kuilembetsanso imene inafufutidwa m'kaundula wa boma ndi ulendo wautali wa m'maofesi. Ku Britain, galimoto kapena njinga yopitirira zaka 40 ingalembedwe ngati ya mbiri, osalipira msonkho wapamsewu, ndipo kuyambira Meyi 2018 siikakamizidwa kupita ku MOT, koyezetsa chaka ndi chaka ngati ili yoyenera pamsewu, ngati siinasinthidwe kwambiri. Siilipiranso ndalama ya ULEZ, imene amalipiritsa galimoto zautsi wambiri ku London. Ku Britain komweko magulu a eni ma sikuta ndiwo amathandiza kutsimikiza chaka cha njinga yochokera kunja kuti boma liipatse nambala yogwirizana ndi msinkhu wake. Kusakakamizidwa kupita koyezetsa sikutanthauza kuti mabuleki akugwira, ndipo lamulo limafunabe kuti njinga ikhale yoyenera pamsewu.

Sitinganene za sikuta ya ku Italy osatchula mnzake wopikisana naye. Lambretta inayamba mu 1947 ku Milan, m'dera la Lambrate pafupi ndi mtsinje wa Lambro, kwa Ferdinando Innocenti, amene ntchito yake inali ya mapaipi achitsulo. Mwachidziwikire, iye anapanga njinga ya fupa la paipi, injini ili pakati, pa mitundu ya pambuyo pake tcheni chili m'bokosi la oyilo, malata akunja ongomangirira. Choncho mavuto ake ndi otembenuza: chivundikiro chikaola mumangogula china, ndipo poyenda imakhazikika bwino kuposa Vespa imene imalemera mbali yakumanja. Koma ili ndi tizidutswa tambiri, ndipo kuimanga kuti malata onse akumane bwino kumafuna kuleza mtima. TV 175 ya 1962 inabwera ndi buleki ya disiki kutsogolo pa nthawi imene njinga zina zinalibe. Innocenti inaleka kupanga ma sikuta mu 1971, ndipo boma la India linagula makina ake n'kukawakhazika ku Lucknow. Ku Spain, kampani ya ku Eibar inapitiriza kuwapanga kwa zaka zina. Ku Britain, kumene achinyamata otchedwa ma Mod anaikonda m'ma 1960, mitengo ya ma Lambretta a SX200 ndi TV200 inakwera mpaka pomwe anthu achinyengo amaona kuti kudinda manambala abodza n'kopindulitsa.

India ndiye chifukwa chachikulu chimene masipeyala a njinga zimenezi sanasowe. Bajaj inayamba kupanga Vespa ndi chilolezo cha Piaggio cha mu 1960, ndipo chilolezo chitatha inatulutsa Chetak mu 1972, yomwe inapangidwa zaka zoposa 30. Tigalimoto ta matayala atatu timene timanyamula anthu m'matauni ambiri a mu Africa timachokera ku Ape, mlongo wake wa Vespa wa mu 1948, ndipo ape ndi njuchi. Kampani ya LML ya ku Kanpur inkapanga Star, yomwe ndi PX yeniyeni m'zambiri. PX imene, yomwe inaonetsedwa koyamba ku Milan mu 1977, inakhala pamsika, kupatula zaka zochepa pakati, mpaka malamulo a utsi a ku Ulaya a Euro 4 anaitsekera njira cha mu 2017. Zotsatira zake n'zakuti pisitoni, kebulo kapena kilatchi ya PX mungaipeze mosavuta kuchokera ku India, Italy kapena kumasitolo akuluakulu a ku Germany. Vuto si kusowa koma kusiyana kwa ubwino: zina zimalowa bwinobwino, zina zimafuna tupa, ndipo labala wotchipa amang'aluka chaka chisanathe. Pa mabering'i, timalabala ta kirankishafuti ndi mabuleki, kutchipa kumadula.

Zikatere, kwa munthu amene akuyamba kumene, makamaka wokhala kutali ndi amisiri odziwa njingazi, PX 125, 150 kapena 200 ndiyo yosavutitsa mutu: magiya anayi, matayala a mainchesi 10, zambiri zili ndi magetsi a mavoti 12, ndipo zoyambirira zake zadutsa kale zaka 40. Vespa ya m'ma 1950 ya nyali pamadigadi ndi yokongola kuposa, koma liwiro lake ndi lochepa pa misewu ya lero, ndipo kachitsulo kalikonse kosowa ndi kofufuza miyezi.

Amene wapeza conservata yeniyeni ntchito yake ndi yodziletsa. Amatsuka ndi sopo wofewa, amapukuta penti ndi phula losakanda, pamene pali dzimbiri la pamwamba amapaka mafuta olitsekera mpweya, ndipo mu mtsempha wapakati amapoperamo phula lamadzi loteteza chitsulo. Injini amaitsegula n'kusintha zonse zotha, matayala, makebulo ndi mabuleki amaika atsopano, koma kunja amasiya momwemo, ndi kachikwangwani ka sitolo imene inaigulitsa ku Bologna kapena ku Napoli kakadali pamadigadi. Akaona kuseri kwa chivundikiro cha m'mbali kuli penti yoyambira ya fakitale ija, yotuwa kapena yofiirira ngati mtedza, amadziwa kuti palibe munthu anafikapo ndi sandipepa. Loweruka m'mawa amatsegula mpopi wa petulo, amakoka tchoki, amaponda kiki kawiri kapena katatu, n'kuitulutsa kuti ikathamange makilomita 20 kapena 30, injini itenthe bwino, oyilo afike pa timalabala tija.